Tsiku lathunthu linathera pa kung'ung'uza kwa masipika

Tayimba mashoo atatu tsopano ndi matrack, zigawo za nyimbo zojambulidwa kale, ochokera mu laputopu, ndipo mtima wayamba kukhala m'malo. Koma ndikakumbukira tsiku loyamba lija ndimapsabe mtima mpaka lero. Ndiye ndati ndilembe, kuti amene mukufuna kuyamba zimenezi musataye tsiku lonse ngati mmene ndinatayira ine.

Gulu lathu tilipo anayi: wang'oma, wa besi, ine wa kiyibodi, ndi mchemwali amene amatsogolera nyimbo. Nyimbo zathu mu situdiyo tinazijambula ndi malipenga, mawu ovomera osanjikizana katatu, ndi tizinthu tina timene anthu anayi sangakwanitse pa siteji. Tikaziyimba tokha zinkamveka zouma. Tinagwirizana kuti zosowazo zizituluka mu laputopu, ife tiziyimba pamwamba pake.

Zoika pulogalamu ndi kulowetsamo nyimbo sindizinena, zimenezo aliyense angathe. Ine ndimagwiritsa ntchito Ableton Live, a Mac ambiri amakonda MainStage, ena Reaper. Zonsezi ntchito zimagwira. Chimene muyenera kumvetsa musanachite china chilichonse ndi click, kaphokoso kogogoda kosunga tempo (liwiro la nyimbo) kaja. Laputopu siidikira munthu. Wang'oma ayenera kumva click m'makutu kuti gulu lonse liziyenda limodzi ndi track, koma anthu odzaonera asaimve ngakhale pang'ono. Njira yachidule ndi kupanga fayilo imodzi ya stereo, click kumanzere, nyimbo kumanja mu mono, n'kugawa chingwecho pawiri. Ine ndinagula audio interface, kabokosi kotulutsira mawu a mu laputopu, ya ma output anayi: 1 ndi 2 za track, 3 ya click, 4 ya mawu owerengera polowa nyimbo.

Kunyumba zonse zinkayenda bwino. Ndinayeserera masabata awiri, mahedifoni kumutu, laputopu pamiyendo, ikuyendera batire. Gwirani mawu amenewa, chifukwa vuto lonse linabisala pamenepo.

Tsiku la shoo tinafika ku holo 9 koloko m'mawa, pomwe shoo inali ya 7 koloko madzulo. Ndinafuna kuti tikhale ndi nthawi yokwanira. Ndinaika laputopu pambali pa kiyibodi, chaja pakhoma, zingwe ziwiri za jack kuchoka pa interface kupita ku mikisa. Mkulu woyendetsa zokuzira mawu pa holopo atangokweza fader, kokwezera mawu pa mikisa kaja, masipika onse anayamba kung'ung'uza. Osati pang'ono ayi. Kulira kokhuthala, kosalekeza, kumene umakumva mpaka m'chifuwa, ndipo pamwamba pake panali kaphokoso kena kosongoka kamene kankasintha ndikangogwedeza chala pa touchpad.

"Achimwene, laputopu yanuyi ndi yofa," anatero mkuluyo, osayandikira n'komwe kudzaiona.

Ndinawakhulupirira, poti zida ndi zawo ndipo akhala pa ntchitoyo zaka zambiri. Ndinasintha zingwe. Tinasintha tchanelo pa mikisa kanayi. Ndinachotsa driver ya interface, kapulogalamu kamene kamaiyendetsa mu laputopu, n'kuiikanso. Ndinazimitsa laputopu n'kuiyatsanso kambirimbiri. Wa besi anathamanga kukabwereka interface ina kwa mnzake, ulendo wa maola awiri kupita ndi kubwera, ndipo titailumikiza kung'ung'uza kunali komweko, osasintha. Nthawi yonseyi mkulu uja anangokhala kumbuyo kwa mikisa, manja atapinda, n'kumabwereza kuti magulu enieni sayimba ndi makompyuta. Mchemwali wathu sanayese maiki ngakhale kamodzi. Wang'oma anangokhala chete ndodo zili m'manja, ndipo kukhala chete kwakeko kunandipweteka kuposa mawu a mkuluyo, chifukwa ganizo la laputopu linali langa.

Cha m'ma 3 koloko ndinafuna kusunthira tebulo pafupi ndi ng'oma. Ndinazula chaja pakhoma. Holo yonse inangoti zii. Ndinaibwezera, kung'ung'uza kunabwerera. Ndinaizulanso, zii.

Maola asanu ndi limodzi anathera pa chaja!

Chimachitika ndi ichi, ndipo dzina lake ndi ground loop. Chaja ya mapini atatu imalumikiza laputopu ku earth kudzera pa soketi imodzi, mikisa nayo ili ku earth kudzera pa soketi ina, mwina kumapeto ena a holo. Mukalumikiza ziwirizi ndi chingwe cha mawu, mwatseka mkombero, ndipo magetsi ochepa amayamba kuyenda m'chikopa cha chingwecho. Ndi amene mumawamva aja, 50 Hz, kapena 60 Hz m'mayiko ngati United States. Kunyumba simungawamve ngati mukuyesera pa mahedifoni ndi batire, poti mkombero palibe. Choncho yesani zida zanu chaja ili pamagetsi, zitalumikizidwa ku mikisa ndi masipika enieni. Yesani chaja ili pamagetsi.

Chimene chinandikwiyitsa kwenikweni chinabwera pambuyo pake. Nditawaonetsa, mkulu uja anatulutsa pulaya n'kunena kuti tingothyola pini ya earth pa pulagi ya chaja, nkhani ithe. Ndinakana, ndipo inunso muzikana. Earth imeneyo ndi imene imateteza munthu chida chikadutsitsa magetsi. Leslie Harvey, woyimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafera pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maiki imene inalibe earth. Sindingaike anzanga pa chiswe chifukwa cha kaphokoso. Kuyendera batire lokha nakonso sikunali kotheka. Batire langa ndi lakale, shoo ndi ya maola awiri, komanso laputopu ikakhala pa batire imatha kuchepetsa mphamvu ya processor kuti isunge moto, mawu n'kuyamba kudukaduka.

Wa besi ndi amene anafunsa kuti, "Akulu, kodi muno mulibe DI box?" Mkuluyo anayankha kuti zilipo ziwiri, koma ndi za magitala, ndipo ngati tikuzifuna tilipire ndalama yapadera chifukwa sizinali m'pangano. Zinali m'bokosi pansi pa tebulo lake lomwelo, kuyambira m'mawa, pamene ife tinkavutika. Tinalipira, nanga tikanatani? Passive DI box ili ndi transformer mkati, imalandira mawu pa jack n'kuwatulutsa pa XLR, pulagi ya maiki ya mapini atatu ija, ali balanced, kutanthauza kuti satola phokoso msanga m'njira, ndipo ili ndi kaswichi kolembedwa ground lift kamene kamadula earth ya pa chingwe cha mawu chokha, osakhudza earth ya magetsi. Tinalumikiza, ndinakankha kaswichiko, masipika anakhala chete chaja ili pakhoma. Ntchito ya mphindi ziwiri. Munthu amene wakhala zaka pa mikisa sangalephere kuzindikira kung'ung'uza kumeneko, ndipo mpaka pano sindimvetsa chifukwa chake anatilekerera.

Gulani DI box yanuyanu. Ya stereo imodzi kapena za mono ziwiri. Musadalire kuti mukaipeza kumeneko.

Ndatsala pang'ono kuiwala za mkati mwa laputopu, zimene zinayenera kubwera poyamba. Wi-Fi ndi Bluetooth zimitsani. Ma notification onse tsekani, chifukwa kabelu ka uthenga kakalira m'masipika akuluakulu holo yonse imamva. Mawu a system asamatulukire pa interface. Laputopu isamagone yokha, ndipo sikirini isamazime. Musapange update iliyonse sabata ya shoo. A Windows gwiritsani ntchito driver ya ASIO ya interface yanu, ndipo zimitsani USB selective suspend kuti doko lisagone pakati pa nyimbo. Pa buffer size, kuchuluka kwa mawu amene laputopu imakonza nthawi imodzi isanawatulutse, anthu amalimbana kwambiri kuti ikhale yotsika, koma ngati laputopu ikungoseweretsa matrack basi, palibe chifukwa. 256 pa 48 kHz (sample rate, kuchuluka kwa tizidutswa ta mawu pa sekondi) imachedwetsa mawu ndi ma millisecond asanu ndi pang'ono, 1024 imafika cha pa 21, koma popeza click ndi track zimachedwa limodzi, palibe amene amamva kusiyana. Ine ndinaisiya pa 1024. Yotsika ndi ya amene akuyimba kiyibodi kudzera mu laputopu momwemo. Mafayilo akhale a WAV, onse oyambira malo amodzi, chifukwa MP3 imaonjezera kachete kakang'ono koyambirira kamene kangasemphanitse track ndi click. Sankhani 44.1 kapena 48 kHz n'kukhala pomwepo. Ndipo mu Ableton Live, ngati simukufuna kusintha tempo, zimitsani Warp, imene imatambasula mawu kuti agwirizane ndi tempo, pa mafayilo aataliwo kuti asatambasulidwe.

Kubwerera ku tsiku lija. Chifukwa cha nthawi yotayikayo sound check tinachita mphindi khumi zokha, anthu atayamba kale kulowa. Click ndinaitumiza ku mikisa kuti mkuluyo aibwezere kwa wang'oma. Nyimbo yoyamba itayamba, kugogoda kuja kunatuluka m'masipika akutsogolo, ko, ko, ko, pamaso pa anthu onse, mpaka anaipeza tchaneloyo n'kuitsitsa. Mchemwali wathu anacheuka n'kundiyang'ana, ndipo nkhope imeneyo sindidzaiiwala. Kuyambira tsiku limenelo click siipitanso ku mikisa yaikulu. Imachoka pa output 3 n'kulowa molunjika mu kamikisa kakang'ono kamene kali pambali pa wang'oma, iye n'kumadzikwezera yekha m'makutu. Zingwe zonse ndinazimata tepi n'kulembapo mayina ndi zilembo zikuluzikulu.

China chimene tinaphunzira pa shoo yachiwiri: anthu akasangalala, woyimba amafuna kubwereza kolasi, koma track imangopita kutsogolo. Ndiye nyimbo iliyonse ndinaidula m'zigawo, vesi payokha, kolasi payokha, ndipo ndili ndi pedulo ya MIDI, yolamulira laputopu ndi phazi, pansi pa kiyibodi. Batani limodzi kubwereza chigawo, lina kupita kutsogolo, lachitatu kuimitsa zonse. Tinagwirizananso kuti laputopu ikafa pakati pa nyimbo, palibe wocheuka, wang'oma apitirize ndipo tonse titsatire iye. Tinayeserera zimenezo dala, ine n'kumazimitsa track mwadzidzidzi, mpaka tinazolowera. Mu foni yanga mulinso nyimbo zonse mwa njira yachidule ija, click kumanzere, nyimbo kumanja, ndi chingwe chake chili chilumikizire, foniyo ili pa airplane mode.

Loweruka likubwerali tikukayimba mu holo imene sitinayimbemo. Ndaimba kale foni kufunsa ngati mikisa yawo ili ndi matchanelo awiri a XLR otsala, ndawauzanso kuti ndikufuna theka la ola la laputopu yokha gulu lisanayambe kuyesa. Ma DI box anga awiri ali kale m'chikwama, pamodzi ndi chaja, ndipo chinthu choyamba ndikafika ndi kuibaya pakhoma n'kupempha kuti akweze fader.