Lachinayi, tsiku lachisanu mu wodi ya ana

Ndadzuka 4 koloko isanakwane, ngati kumene timachita kunoku kungatchedwe kugona. Agadiyanife timayala chitenje pa simenti m'mbali mwa bedi, miyendo n'kupinda kuti anamwino asatiponde akamadutsa usiku. Msana wazolowera, chiuno ndiye chikukanabe. Ndinathamangira kumpopi mzere usanatalike, ndinachapa kabudula wa mwana wanga ndi nsalu yomwe ndimamuyalira pansi pa mwendo, n'kukayanika pa waya kuseri. Pobwerera ndinamupeza ali maso, akuyang'anitsitsa dzanja lomwe anamuika kanula, kapaipi kolowetsera mankhwala mumtsempha.

“Amayi, lero atsukanso?”

Funso lake loyamba limakhala lomweli tsiku lililonse. Ndinamuuza kuti inde. Ndinasiya kumunamiza Lachiwiri, pomwe ndinamulonjeza kuti pabala sakhudzapo, kenako anamwino n'kutulukira ndi katebulo kawo kamatayala. Tsiku limenelo sanandilankhule mpaka madzulo.

Achibale mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti chinachitika n'chiyani, ndiye ndifotokoze kamodzi. Masiku 12 apitawo, Loweruka, tinkachokera kumsika pa kabaza wa njinga yakapalasa. Ndinamukhazika patsogolo panga pa kaliyala, atavala masilipasi, miyendo ili lendelende. Njinga itagunda kadzenje, phazi linalowa m'masipoko. Wakabaza anaima nthawi yomweyo. Khungu linasupuka kuseri kwa kakolo, kamalo kofanana ndi chitsekerero cha botolo la Fanta, magazi osachuluka n'komwe. Mwana analira pang'ono, ndinamugulira mandazi, n'kuyenda yekha kulowa m'nyumba akutsimphina.

Ndinatsuka ndi madzi amchere ofunda n'kupaka jivi. Tsiku lachitatu panatupa. Mayi wina woyandikana naye nyumba, munthu wabwinobwino yemwe walera ana asanu, anati nditsegule kapisozi ndiwaze ufa wake pabalapo, pauma. Ndinakagula makapisozi anayi paokala. Awiri ndinawaza, awiri ndinamumwetsa, n'kumanga ndi kansalu. Khungu litayamba kuda ndinasangalala, ndimvekere ndi nkhanambo imeneyo, bala likupola. Kenako anayamba kudandaula mwanabere m'mphechepeche. Usiku wa Loweruka linalo thupi linatentha ngati mbaula, ine n'kumati ndi malungo. Amati tsoka silinunkha, koma langali linanunkha: nditamasula kansalu kaja Lamulungu m'mawa, fungo linadzaza chipinda chonse.

Kuchipatala chaching'ono anamubaya chala kuyeza malungo, kamzere kanatuluka kamodzi, kusonyeza kuti si malungo. Atangoona mwendo sanachedwe, analemba m'buku kuti tipite kuchipatala chachikulu. Ndipo apa ndi pomwe pali nkhani yanga ya lero. Atandifunsa kuti wavulala liti, ndinati masiku atatu apitawo. Atandifunsa kuti ndathirapo chiyani, ndinati madzi amchere basi. Panali amayi ena pabenchi akumvetsera, ndipo pakamwa panangoyankha pokha. Bodzalo analilemba m'buku, kuchoka m'buku linalowa mufayilo, ndipo lakhala likugona nafe pabedi pano masiku onsewa.

Mankhwala a 6 koloko anabwera pa nthawi yake. Amamubaya kanayi patsiku, maola 6 aliwonse, kudzera pa kanula. Akuti amawawa akamalowa mumtsempha, ndiye timawerenga limodzi mpaka teni, iye akuluma kolala ya malaya. Kanula ameneyu ndi wachitatu. Awiri oyamba anatupitsa dzanja. Phala litabwera anadya masupuni asanu n'kukankha mbale. Agogo a bedi loyandikana nalo, omwe akudwazika mdzukulu wawo wopsa ndi phala lamoto pamimba, anatulutsa kapepala ka nsinjiro m'chikwama n'kuthira m'mbale mwake osandifunsa. “Idya iwe, mwendo sudzipola wokha.” Anamaliza mbale yonse. Ine ndikanena mawu omwewo amangotembenukira kukhoma.

Cha m'ma 9 adokotala anayamba kuzungulira, ophunzira anayi akuwatsatira ndi timabuku tawo. Anayamba ndi kamtsikana kothyoka ntchafu komwe mwendo wake anaukoka ndi chingwe kumapazi a bedi. Atafika pa ife anawerenga fayilo nthawi yaitali, n'kuyang'ana chithunzi cha ekisile pawindo. Kenako anandifunsa mwakachetechete, maso ali pafayilo pomwepo.

“Mayi, tikumbutsane. Mwanayu anavulala liti?”

Ndinamva thukuta kumsana. Ndinayang'ana agogo aja, iwo n'kuyamba kukonza bulangete la mdzukulu wawo ngati sakumva. Ndiye ndinanena zonse: Loweruka lija, masiku asanu ndi atatu kunyumba, jivi, makapisozi, kansalu. Ndinadikira kukalipiridwa. Adokotala anangofufuta ndi cholembera, n'kulemba tsiku lenileni pamwamba pake. Anati Lolemba kufiyeta anaona kale kuti bala limeneli silinali la masiku atatu, koma sakanalemba zongoganizira.

Anandifotokozera chifukwa chake masikuwo ali ofunika. Tizilombo tikakhalitsa pamalo ngati pakakolo, pomwe fupa lili pafupi ndi khungu, timatha kulowa m'fupa momwemo. Vuto lake, ekisile sionetsa msanga. Pamatha kudutsa masiku 10 mpaka 14 fupa lisanaoneke kuti lagwidwa. Chithunzi chathu chili bwino, koma adzajambulanso, ndipo masiku a jakisoni angathe kuwonjezeka. Za masipoko anauza ophunzira aja m'Chingelezi, kenako n'kundibwerezera m'Chichewa: masipoko sacheka ngati mpeni, amapsinja. Khungu limaoneka lamoyo tsiku loyamba pomwe timitsempha take ta magazi taphwanyika kale, ndiye limafa pang'onopang'ono. Chakuda chija ndinkachisekerera chinali khungu lakufa, ndipo mafinya ankasonkhana kunsi kwake. Ufa wa kapisozi unangopanga chikhokho pamwamba, mkati osafikamo. Awiri ndinamumwetsawo sanali okwanira kupha kanthu. Mankhwala operewera chonchi, anatero, ndi omwe amachititsa kuti tizilombo tisamamvenso mankhwala.

Chimodzi chokha ndi chomwe ndinachita bwino. Buku lake la kusikelo ndinalisunga m'sutikesi zaka zonsezi, ndipo Lamulungu ndinalitenga. Katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14, yemwe amatetezanso ku kafumbata, analembedwamo yense. Anamubayabe wina wowonjezera tsiku lomwe tinafika, poti bala linali lauve.

Atachoka, agogo aja anati, “Mwatula mtolo, mwana wanga. Ine wangayu ndinamupaka mazira aawisi ndi Colgate, ndipo ndinawauza tsiku lomwelo. Kukalamba n'kwabwino, manyazi amatha.” Tinaseka mpaka anamwino anatiyang'ana.

Kutsuka kunali 11 koloko. Amayamba am'patsa Panado n'kudikira pang'ono, koma kunena zoona Panado pamenepa amachepa mphamvu. Ndimakhala pabedi, iye n'kumukhazika pakati pa miyendo yanga, nkhope yake pachifuwa panga, dzanja langa limodzi litagwira bondo. Namwino wa lero ndi wamanja ofewa. Sanang'ambe bandeji, ananyowetsa kaye ndi madzi a m'botolo la dilipi aja, n'kudikira kuti gozi, kansalu koika pabala, amatuke yekha. Ndinafunsa kuti madziwo ali ndi mankhwala anji. Anati ndi amchere basi, magalamu 9 pa lita, kungoti ndi oyera, opanda tizilombo. Ndinangoti kakasi. Madzi amchere omwe ndinayamba nawo aja sanali olakwika. Ndikanangopitiriza nawo, n'kubwera naye kuno khungu litangoyamba kuda.

Masiku onsewa ndakhala ndikuyang'ana kudenga akamatsuka. Lero ndinayang'ana pabala. Kachitsekerero ka Fanta kaja tsopano ndi dzenje lalikulu ngati chikhatho cha mwini wakeyo, chifukwa kufiyeta anachotsa zonse zakufa. Pakati pali timatuza tofiira, tonyezimira, ngati mkati mwa gwafa wakupsa. M'mphepete chakumunsi mukadali zachikasu zomata. Atapukuta pofiirapo panatuluka timagazi, mtima wanga n'kudumpha, koma namwino anati, “Izi ndiye tikufuna, mayi. Pakatuluka magazi ndiye kuti pali moyo. Zachikasuzi ndi zomwe tikulimbana nazo.” Fungo lija latha, latsala la mankhwala lokha. Mwana anakuwa, “Anti, basi! Anti, ndapota nanu!” mpaka mawu anasasa. Bulauzi yanga inanyowa ndi misozi ndi mamina. Atamanga bandeji yatsopano anagona pomwepo, akusisimabe m'tulo.

Ndinatuluka panja kukakhala pansi pa mtengo, manja akunjenjemera. Dzuwa la Okutobala silikuseka ndi munthu. Ntchentche nazo zachuluka, moti masana timatsitsa neti ngakhale kulibe udzudzu.

Bambo ake anafika nthawi yoona odwala ndi nsima m'kontena, usipa ndi mazira awiri owiritsa. Anamwino anatiuza kuti bala limafuna zakudya zomanga thupi, ndiye mazira akhala ngati mankhwala achiwiri, ngakhale mtengo wake ukuwawa. Makina anga osokera ali chivundikire sabata yonse, mayunifolomu a eni ake ali pampando osatha. Wamng'ono ali kwa achemwali anga, akuti usiku amandifunafuna pamphasa. Ndinawauza bambo ake kuti ndaulula kwa adokotala. Anakhala chete, kenako anati, “Nanenso ndinkaliona balalo madzulo aliwonse. Ndine ndinakupatsa ndalama ya makapisozi.” Sitinapitirize. Anasenda dzira n'kumudzutsa mwana.

Apongozi anaimba foni ali pomwepo. Iwo akuti bala laling'ono silingakule chonchi popanda dzanja la munthu, ndipo akudziwa kale kuti ndi ndani. Ndinawayankha mwaulemu kuti, “Amayi, adokotala aliona, akuti ndi tizilombo. Inu muzingotipempherera.” Sanakhutire, koma mtedza atumiza.

Mlendo yemwe sindinamuyembekezere anabwera cha m'ma 3: wakabaza uja. Anamva kusiteji kuti tinagonekedwa. Anaima pakhomo pa wodi chipewa chili m'manja, m'jumbo muli nthochi, akuopa kulowa. Ndinkaganiza kuti ndikadzamuona ndidzamulalatira, koma ndinapeza kuti mkwiyo wonse ndinauthera pa ine ndekha. Ndi mnyamata wamng'ono, mwina sanakwanitse zaka 25. Anandionetsa chithunzi pafoni: wadula chigubu chapulasitiki n'kumangirira ndi waya mbali zonse ziwiri za tayala lakumbuyo, kuti phazi la mwana lisafikenso kumasipoko. Akuti anzake kusiteji akumuseka kuti njinga yavala siketi. Mwana wanga anamufunsa ngati belu lija likuliralirabe, n'kudya nthochi ziwiri.

Madzulo kutentha kwa thupi kunali 37.6. Lamulungu kunali 39.4, ndipo manambala amenewa ndawaloweza ngati vesi. Amayi a mvano a mpingo wina anabwera kudzaimba ndi kupemphera bedi ndi bedi, n'kutisiyira sopo. Atangochoka magetsi anazima, ndipo mpaka jenereta italira namwino ankayang'ana dilipi ya mwana wina ndi tochi ya foni. Mumdima momwemo kunamveka kulira kwa mayi kuchokera kuwodi ina, kulira kuja sufunsa kuti kwachitika chiyani. M'wodi mwathu aliyense anangosendera pafupi ndi wake. Agogo aja anayamba nyimbo chapansipansi, ena n'kumavomera.

Mawa akubwera adokotala a mafupa kudzaona ngati bala lingatsekeke lokha kapena adzafunika kutenga khungu pantchafu n'kuikapo. Atiuza kuti asadye kanthu kuyambira pakati pa usiku, mwina angamulowetsenso kufiyeta kukachotsa zachikasu zija. Sindinamuuzebe. Ndimuuza kukacha, zonse monga zilili, asanafunse za phala.

Panopa ili 11:40. Foni yatsala ndi moto pang'ono, ndipo soketi imodzi yokha yogwira ntchito ili ndi mzere wa mafoni asanu. Wagona chagada, mwendo uli pamwamba pa pilo ndi chitenje chopinda, khoko la nthochi likadali m'dzanja. Ndikumva katebulo kamatayala kaja kakubwera m'khonde ndi mankhwala a 12 koloko. Ndimudzutse ndekha asanafike.