Funso limene a Sister anandifunsa usiku, ndi mayeso amene ndikukonzekera

Kwatsala masabata ochepa kuti ndilembe mayeso a Nursing and Midwifery Council of Zambia, bungwe limene limapereka chilolezo chogwira ntchito ya unamwino ndi uzamba m'dziko muno, lomwe akuluakulu ambiri amalitchulabe ndi dzina lake lakale la General Nursing Council ngakhale kuti lamulo la 2019 linasintha dzinalo. Ndimakhala ku Kalingalinga ndi akulu anga, ndipo madzulo ambiri ndimawerengera nyali ya batire magetsi akazima. Anzanga a m'chaka chachiwiri andifunsa kangapo kuti ndimawerenga bwanji, ndipo ndikawauza kuti sindiyambira pa mapepala a mayeso akale, amaona ngati ndikuwabisira kanthu. Kuti ndiwayankhe bwino, ndiyenera kufotokoza zimene zinandichitikira chaka chatha.

Ndinali pa ntchito ya usiku m'wodi ya amayi ongobereka kumene, pa chipatala china muno mu Lusaka. A Sister anandipatsa mayi wina wachitsikana amene anali atabereka mwana wake woyamba pafupifupi ola limodzi m'mbuyomo, ndipo anandiuza kuti ndizimuyeza mphindi 15 zilizonse. Ndinachitadi zimenezo mosaphonya. Poyamba BP inali 110/70 ndipo mtima unkagunda ka 88 pa mphindi. Kachiwiri BP inali yomweyo, mtima 104. Kachitatu BP 108/68, mtima 116. Manambala onsewa ndinawalemba mwaukhondo pa tchati, ndipo mumtima ndinali wokhutira kuti ntchito ikuyenda. Mayiyo anali chete, atafunda chitenje, ndipo anangopempha madzi akumwa.

A Sister atafika anayang'ana tchaticho kamphindi kochepa, nkundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwananga, mtima wa amayiwa ukuthamanga chifukwa chiyani?" Ndinayankha kuti BP ili bwino. Iwo anati, "Sindinafunse za BP." Anaika dzanja pamimba pa mayiyo, ndipo chiberekero chinali chofewa, chili pamwamba pa mchombo. Atakweza chitenje, pansi panali magazi ambiri ndi zibuluma zake. Nthawi yomweyo anayamba kutikita chiberekero, anandituma kuitana anzathu, oxytocin, mankhwala okungitsa chiberekero, anaperekedwa, diripi inaikidwa, ndipo anatulutsa mkodzo ndi kachubu kotchedwa catheter chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimalepheretsa chiberekero kukungika. Magazi anasiya, ndipo mayiyo anatuluka bwinobwino ndi mwana wake patapita masiku.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi chakuti zonse zofunika ndinkazidziwa. Mukanandidzutsa pakati pa usiku, ndikanakuuzani kuti mayi akataya magazi okwana 500 ml kapena kuposerapo atabereka mwachibadwa, ndiye kuti wataya magazi mopitirira muyeso. Ndikanakuwerengerani zifukwa zinayi zija zimene timaloweza: chiberekero chosakungika, kung'ambika kwa njira, zotsalira za nsengwa, ndi magazi osaundana, ndipo ndikanawonjezera kuti choyambacho ndicho chimachitika kawirikawiri. Ndinkadziwanso kuti thupi likamataya magazi, mitsempha imafinyika ndipo mtima umathamanga pofuna kusunga BP, kotero kuti BP imatsika mochedwa, makamaka mwa mayi wamng'ono wathanzi amene magazi ake anachuluka pa nthawi ya pakati. Koma mfundo zimenezi zinali m'mutu mwanga ngati katundu wa m'masitolo osiyanasiyana a ku Kamwala, aliyense pa shelefu yake. Ludzu la mayiyo, kukhala chete kwake, ndi manambala atatu aja zinali kunena chinthu chimodzi, ndipo ine sindinazilumikize.

Kulumikiza kumeneku ndiko aphunzitsi athu amakutcha clinical reasoning, ndipo ndikukhulupirira kuti ndiko kumene mayeso a chilolezo ayenera kuyesa, chifukwa chilolezocho chimatanthauza kuti tsiku lina udzakhala wekha ndi wodwala popanda a Sister kumbuyo kwako. Mafunso amene amatigwetsa ambiri ndi aja amene amafotokoza wodwala, nkupereka mayankho anayi amene onse ndi zinthu zimene namwino angachite, kenaka nkufunsa kuti choyamba ndi chiti. Munthu woloweza amasokonezeka pamenepo chifukwa yankho lililonse analionapo m'buku. Kudziwitsa dokotala nkoyenera, kulemba pa tchati nkoyenera, kulimbikitsa wodwala nkoyenera, koma ngati munthu sakupuma bwino, zonsezi zimadikira.

Tsopano ndikatenga funso lotere, ndimaphimba mayankho ndi dzanja ndisanawaone. Ndimawerenga nkhani ya wodwalayo kawiri, ndipo ndimadzifunsa kuti ndi ziti zimene sizili m'malo mwake, ndiponso kuti zikasonkhanitsidwa zikuloza kuti. Kenaka ndimadzifunsa funso limene ndimaliona kukhala lalikulu kuposa onse, lakuti ndi chiyani chimene chingamuphe munthuyu msanga ndikapanda kuchitapo kanthu, ndipo apa dongosolo lakale lija la njira ya mpweya, kupuma, ndi kuyenda kwa magazi silinandikhumudwitsepo. Pomaliza ndimadzifunsa kuti ndikachita chimene ndasankhacho, ndidzaona chiyani chondiuza kuti chathandiza. Ndikatero mpamene ndimachotsa dzanja. Pambuyo pake ndinadzamva kuti mphunzitsi wa unamwino wa ku America, Christine Tanner, anafotokoza mu 2006 kuti namwino amayamba ndi kuzindikira, kenaka kutanthauzira, kuchitapo kanthu, ndi kusinkhasinkha zimene zachitika. Ndinasangalala kuona kuti zimene a Sister anandiphunzitsa ndi funso limodzi zili ndi dzina m'mabuku. Njira imeneyi ndi yochedwa, ndipo masiku ena ndimamaliza mafunso 15 okha pamene anzanga amaliza 60, koma kuona maso a nkhono nkudekha.

Chitsanzo chimene chinanditsegula maso kwambiri ndi cha mwana wotsegula m'mimba. Ife a mu Lusaka sitifunika kuuzidwa za kolera, chifukwa tinaona mliri umene unayamba mu Okutobala 2023, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo ochiritsira odwala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa kumayambiriro kwa 2024. Aliyense wa ife analoweza ndondomeko yobwezera madzi m'thupi yotchedwa Plan C: mwana amene madzi atheratu m'thupi amalandira madzi a diripi otchedwa Ringer's lactate okwana 100 ml pa kilogalamu iliyonse kudzera m'mtsempha. Ngati sanakwanitse miyezi 12, amalandira 30 ml pa kilogalamu mu ola loyamba ndi 70 ml pa kilogalamu mu maola 5 otsatira. Ngati ndi wamkulupo, gawo loyambalo limalowa mu mphindi 30 ndipo lachiwiri mu maola awiri ndi theka. Zimenezi nzoona ndipo zapulumutsa ana ambiri.

Koma tiyerekeze kuti wolemba funso wawonjezera mzere umodzi, wakuti mwanayo ndi wotupa mapazi onse awiri, kapena kuti mkono wake ukayezedwa mozungulira ndi tepi ya MUAC sukufika 11.5 cm, zomwe ndi zizindikiro za kunyentchera kwambiri. Amene anangoloweza amaona mawu akuti maso olowa ndi khungu lobwerera mochedwa likatsinidwa, nkuthamangira ku Plan C. Amene akuganiza amaima kaye, chifukwa mwana wonyentchera kwambiri amakhala ndi maso olowa ndi khungu lotero ngakhale madzi asanamuthere, ndipo mtima wake ndi wofooka moti madzi ambiri olowa msanga m'mtsempha angaulemetse mpaka kulephera kugwira ntchito. Mwana wotere amamwetsedwa ReSoMal, madzi a mchere ndi shuga opangidwira ana onyentchera, pang'onopang'ono, 5 ml pa kilogalamu mphindi 30 zilizonse kwa maola awiri oyambirira, uku tikuwerenga kupuma ndi kugunda kwa mtima, ndipo diripi imasungidwira amene ali mu shock, kutanthauza kuti magazi sakuyenda mokwanira m'thupi. Nkhaniyo imapindikanso kachiwiri: ngati mwana yemweyo akutsegula madzi ochuluka ngati otsukira mpunga ndipo tikuganizira kolera, ReSoMal samukwanira chifukwa mchere wake wa sodium ndi wochepa, choncho amapatsidwa ORS wamba. Matenda ooneka ofanana ali ndi njira zitatu zosiyana, ndipo chimene chimakusankhira njira ndi kudziwa chifukwa chake cha lamulo lililonse. Kuyambira tsiku limene ndinamvetsa zimenezi, nambala iliyonse imene ndikuloweza ndimailembera pambali chifukwa chake.

Ndi mmenenso ndinaphunzirira magnesium sulphate, mankhwala oteteza mayi woyembekezera kuti asakomoke. Kale ndinkaloweza kuti tisanapereke mlingo wotsatira kwa mayi wa pre-eclampsia yoopsa, matenda okweza BP pa nthawi ya pakati, timayang'ana kudumpha kwa bondo likagogodedwa, kupuma, ndi kuchuluka kwa mkodzo, koma nthawi zina chimodzi chinkandithawa. Nditamvetsa kuti mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndipo akachuluka amafooketsa minofu kuyambira ku zizindikiro za bondo mpaka ku minofu yopumira, zitatuzo zinakhala nkhani imodzi. Mkodzo ukachepera 30 ml pa ola, mankhwala akuunjikana. Bondo likasiya kudumpha, ndi chenjezo lobwera kupuma kusanavute. Nchifukwa chake calcium gluconate, mankhwala othetsa mphamvu ya magnesium sulphate akachuluka, ayenera kukhala pafupi ndi bedi, osati m'kabati yokhoma.

Pali nkhani ina imene sitiikamba mokwanira, ya chilankhulo. Mayeso timalemba m'Chingerezi, koma odwala a ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Matero amatiuza mavuto awo m'Chinyanja kapena m'Chibemba, ndipo sagwiritsa ntchito mawu a m'buku. Mayi woyembekezera sadzanena kuti ali ndi epigastric pain, mawu a m'buku a ululu wa kumtunda kwa mimba. Adzati, "Anamwino, pamtima apa pakundiwotcha," kapena kuti mutu ukumuwaza ndipo akuona zinthu ngati utsi. Namwino wotopa angaganize kuti ndi chilungulira cha pakati nkumuuza kuti apumule, pamene mayiyo, ngati BP yake yafika 160/110, watsala pang'ono kukomoka. Chifukwa cha ichi, mutu uliwonse wa m'buku ndikauwerenga ndimayesa kuufotokoza mokweza m'chilankhulo chathu, ngati ndikufotokozera agogo anga a ku Katete. Pamene ndakakamira, nkuyamba kubwereza mawu a Chingerezi osatha kuwamasula, ndimadziwa kuti pamenepo ndinangoloweza, ndipo ndimabwerera ku buku.

Kulankhula mokweza kumeneku kumathandizanso pokonzekera OSCE, mayeso oonetsa luso pochita ntchito yeniyeniyo, kumene woyesa amaima pambali ndi pepala lake ndipo sangaone zimene zili m'mutu mwako. Kusamba m'manja, kupereka moni, kudzitchula dzina, kupempha chilolezo ndi kutchinga wodwala kuti asaonekere ndi zinthu zimene manja ayenera kuzolowera mpaka kuzichita osaganiza, kuti nzeru zitsalire pa wodwalayo. Masamu a mankhwala ndiwo okhawo amene ndimawachita mobwerezabwereza tsiku lililonse popanda kukambirana kwambiri. Lita imodzi yolowa mu maola 8, ndi chingwe cha madontho 20 pa mililita, imapereka madontho 42 pa mphindi, ndipo yankho likatuluka 420 ndiyenera kudabwa ndisanalilembe.

Za mapepala akale, sindikunena kuti ndi oipa. Amakuzoloweretsa kalembedwe ka mafunso ndi kusunga nthawi, ndipo ndimawagwiritsa ntchito Lamlungu masana, nditaika wotchi patsogolo. Chimene ndimakana ndi kuloweza kuti yankho la funso lakuti ndi B, chifukwa wolemba akangosintha zaka za wodwala kapena nambala imodzi, B uja amakhala wolakwa. Ndimakananso mauthenga aja amene amazungulira pa WhatsApp mayeso akayandikira, olonjeza mapepala otuluka kwa amene atumize ndalama. Ndikumvetsa mantha amene amachititsa munthu kuwakhulupirira, pakuti ambiri a ife makolo anagulitsa chimanga, mtedza ngakhale ng'ombe kuti tiphunzire, ndipo kulephera kumalemera pa banja lonse. Koma ndikakumbukira mayi uja atafunda chitenje chake, ndimaona kuti chilolezo chopezeka mwa njira imeneyo chingadzalipiridwe ndi munthu wina amene sanalakwe kanthu.

Tilipo anayi amene timakumana Loweruka lililonse m'mawa kunyumba kwa mnzathu ku Chelstone. Aliyense amakhala ndi sabata yake yobweretsa nkhani ya wodwala amene anamuonapo, popanda dzina kapena chilichonse chomuzindikiritsa, ndipo lamulo lathu ndi lakuti wobweretsayo sanena zonse. Amapereka zochepa, ndipo enafe tiyenera kufunsa zimene tikufuna kudziwa ndi kunena chifukwa chake tikuzifuna. Wina akati ayeze kutentha kwa thupi, timamufunsa kuti akuyembekezera kupeza chiyani, ndipo akachipeza chisintha chiyani pa zimene achite. Timamaliza ndi kupereka lipoti kwa dokotala wongoyerekezera motsatira SBAR (dongosolo lonena vuto, mbiri ya wodwala, zimene wapeza, ndi zimene ukupempha), m'mphindi imodzi, chifukwa namwino amene waona vuto koma sangathe kulifotokoza mwachidule pa foni amachedwetsa thandizo. Nthawi zina timatsutsana mpaka kutsegula mabuku atatu, ndipo masiku oterowo ndi amene ndimabwerera kunyumba nditaphunzira zambiri.

Loweruka likubwerali ndi sabata yanga. Ndasankha nkhani ya bambo wina wachikulire wa matenda a shuga, amene anabaya insulin m'mawa koma sanadye chifukwa anafulumira kukakhala pamzere wa kuchipatala, ndipo pofika masana anayamba kutuluka thukuta, kunjenjemera ndi kulankhula zosamveka, mpaka achibale ake kuganiza kuti ndi sitiroko. Anzangawo ndidzangowauza zaka zake, thukutalo ndi kusokonezeka kwa mawu. Za insulin ndi za chakudya ndidzakhala nazo chete, kuti ndione amene adzayambe kufunsa kuti bambowa anadya liti, ndiponso amene adzapemphe glucometer, kachipangizo koyezera shuga m'magazi, asanatchule china chilichonse.