Masiku 6 amene anasanduka 9 pamtsinje

Tinanyamuka atatu: ine, mlamu wanga, ndi mkulu wina wokalambira pamadzi yemwe tinkangomutchula kuti Madala. Boti linali la aluminiyamu, lotalika mamita 5, ndipo injini yake inali yachikale ija ya mphamvu ya mahosipawa 15, yosakaniza petulo ndi oyilo. Ulendo wotsika ndi madziwo tinauwerengera masiku 6.

Tisanakankhe boti, Madala anatsitsa katundu yense amene ndinalongedza n'kuyambiranso. Zolemera anaziika pansi, chapakati, n'kuzimanga. Zovala zosinthira, machesi, tochi ndi mafoni anazikulunga m'mapulasitiki awiriawiri, n'kuziponya mu ndowa ya chivundikiro chothina. Chigubu chodula pakamwa chokapira madzi anachimangirira ku mpando, ati chimathawa nthawi imene ukuchifuna. Petulo tinasakaniziratu, oyilo mamililita 400 pa chigubu cha malita 20, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu tinalipatula kuti lisakhudzidwe. Ine ndinkaona ngati mkuluyu akungotitayitsa nthawi.

Tsiku lachiwiri chakumasana ndi ine ndinali pa chiwongolero. Tinamva kuti gu! pansi, kenako injini inalira mokweza koma boti silinkapita kulikonse. Ndinaganiza kuti tatha. Madala anangoti, "Zimitsa, mwanawe. Ndi phini." Pa injini zamtunduwu pulopela, chitsulo chozungulira m'madzi chokankha boti, imagwidwa ndi kachitsulo kakang'ono komwe anakapanga dala kuti kazithyoka pulopela ikamenya chitsa kapena mwala, kuti magiya apulumuke. Tinapalasa ndi nkhafi mpaka pa gombe, n'kupendeketsa injini. Apa pali chinthu chimene sindikanachiganiza ndekha: musanamasule kanthu, yalani nsalu pansi pa pulopela, chifukwa nati ikagwera m'madzi amatope mwaitsanzika. Tinawongola kawaya kotsekera, kumasula nati, kuzula pulopela, kugogoda zidutswa za phini yothyoka, kulowetsa yatsopano. Sizinathe mphindi 20. Mlamu wanga anafunsa ngati bawuti yolimba singachite bwino kuposa phini yosachedwa kuthyokayo. "Alamu anu akufuna tikathyole magiya m'malo mwa kaphini," anatero Madala akuyang'ana ine.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuphunzira kuwerenga madzi. Pokhota mtsinje, mbali yakunja ndi yakuya ndiponso yothamanga. Yamkati ndi kumene mchenga umaunjikana. Kamzere kooneka ngati V kosongokera kumtunda ndiye kuti pansi pali chobisala. Ngakhale zinali choncho, tinatitimirabe pamchenga kawiri. Zikatero mumazimitsa injini, kuikweza, n'kutsika kuti boti lipepuke, koma mutsikire mbali yakumtunda. Mukaima kumunsi, boti likamasuka madzi amalikankhira pa inu.

Panalinso vuto laling'ono koma lotopetsa la namasupuni ndi zinyalala. Injini imadziziziritsa ndi madzi a mumtsinje momwemo, ndipo kumbuyo kwake kumatuluka kamadzi kowonda kosonyeza kuti pampu ikugwira ntchito. Madala ankati injini ikukodza. Ikasiya kukodza, zimitsani pompo, chotsani zotseka polowera madzi, tokosani kabowo kotulukirako ndi kawaya. Mukaumirira imatentha n'kuuma.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya tsiku lachinayi.

Kunacha kotentha, mpweya uli zii. Itakwana 2 koloko, mitambo inayamba kuunjikana kumunsi kumene tinkalowera, yakuda bii pansi, pamwamba itayala ngati tebulo. Madala anandiuza kuti ndiziwerenga. Mphenzi ikang'anima, muwerenge masekondi mpaka mumve bingu; masekondi atatu aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi. Koyamba ndinafika 45. Patapita kanthawi, 33. Akafika 30, ndiye kuti mphenzi ili pa makilomita 10, ndipo munthu sayenera kukhalanso pamadzi, makamaka m'boti lachitsulo pomwe mutu wako ndi umene watalika kuposa chilichonse.

Kulakwa kunali kwanga ndi mlamu wanga. Malo amene tinafuna kukagona anali pafupi, ndiye tinachonderera kuti tingokankha pang'ono. Madala anakana kawiri, kachitatu anangokhala chete. Sitinayende mphindi 10, mphepo inatipeza. Inkaomba kuchokera kumunsi, kulimbana ndi madzi otsika, ndipo zikakumana choncho mafunde amakhala afupiafupi koma oima njo, osapatsa boti mpata wokwera limodzi n'kutsika lisanafike lina. Madala analanda chiwongolero, kumanga kachingwe kofiira kozimitsira injini padzanja, n'kuchepetsa liwiro. Mafundewo sankawalasa mutu ndi mutu, komanso sankawapatsa nthiti ya boti. Ankawadula chopingasa pang'ono. Ife anatilamula kukhala pansi penipeni, majekete oyandamitsa atamangidwa mpaka lamba womaliza. Ine ntchito yanga inali kukapa. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo choopsa si kulemera kokha: madzi a m'boti amathamangira mbali imene lapendekera n'kulipendeketsa kwambiri. Ndinakapa mpaka mikono inachita dzanzi.

Tinakocheza pa kakhwawa kobisika ku mphepo. Mlamu wanga anathamangira pansi pa mtengo waukulu umene unali wokhawokha, Madala n'kumubweza ndi mawu amene sindingawalembe pano. Tinanjuta pamalo otsika, pakati pa zitsamba, kutali ndi boti, motalikirana. Bingu lomaliza litamveka tinadikirabe mphindi 30.

Mvula itakata, mlamu wanga anayamba kunjenjemera, milomo itachita mbuu, akulephera kumasula mfundo ya chingwe. Anthu amaganiza kuti kuzizidwa koopsa n'kwa kumaiko a chisanu kokha, koma zovala zonyowa ndi mphepo zimakwanira. Tinamuvula zonyowa zonse, kumuveka zouma za mu ndowa ija, kumufunditsa lona, n'kumupatsa chakumwa chotentha cha shuga. Anapempha kachakumwa kaukali koti katenthetse m'thupi, tinamukaniza. Mowa umangokunamiza kuti wafunda pomwe thupi likutaya kutentha.

Pofuna pogona, ine ndinasankha pamchenga wosalala pafupi ndi boti. Madala anandilozera udzu wouma ndi timitengo zokodwa m'nthambi, pamwamba kuposa mutu wanga. "Zinakwera zokha izo? Madzi saiwala khwawa." Tinasenza katundu kukwera naye kumtunda, tikudandaula. Boti tinalimanga ndi zingwe ziwiri zazitali ku mitengo yapamwamba, zolekerera kuti likwere ndi madzi, chifukwa chingwe chachifupi chimakokera mphuno ya boti pansi mtsinje ukadzadza. Kenako anazika kamtengo m'mphepete penipeni mwa madzi.

Usiku sikunagwe ngakhale dontho. Koma pamene ndinadzuka ndi tochi cha m'ma 3 koloko, kamtengo kaja kanali katamira, ndipo m'mawa pamchenga panga paja pankadutsa zipika. Mvula yogwa kumtunda imakupezani patapita maola, kumwamba kuli nyenyezi. Madzi anali ofiira, onyamula mitengo yathunthu. Tinakhala pamenepo masiku awiri, tikuzika kamtengo katsopano m'mawa ndi madzulo, mpaka tinaona madzi akukasiya pouma. Kudikira kumeneko kunandiwawa kuposa namondwe. Netiweki kunalibe, mwayi wake, kunyumba tinali titawauza njira yathu ndi kuti asade nkhawa pokhapokha tikapitirira masiku 10.

Tsiku lonyamuka, mvula ikakuona litsiro sikata, injini inakana kulira. Inkatsokomola n'kuzima. Kabowo kopumira pa chivundikiro cha thanki tinakasiya kotsegula nthawi ya mvula ija. Madala anapopera petulo pang'ono m'botolo loonekera, n'kuliimika. Posakhalitsa pansi panakhazikika kamzere ka madzi, poti madzi ndi olemera kuposa petulo. Tinatsanulira petulo wapamwamba m'chigubu china pang'onopang'ono, wotsalira pansiyo n'kumusunga m'botolo lotseka osati kumutaya mumtsinje. Tinamasula kasikuluu kapansi pa kabureta kuti madzi atuluke, kupukuta mapulagi, n'kulumikiza petulo wa gawo lopatula lija. Inalira nditakoka chingwe kachisanu ndi chiwiri.

M'mawa wa tsiku lomaliza kunagwa nkhungu yoti tsidya silinkaoneka. Mlamu wanga anayang'ana wotchi, kundiyang'ana ine, n'kukhalanso pansi osanena kanthu. Tinanyamuka 9 koloko dzuwa litaibalalitsa, n'kufika padoko chakumadzulo, tili ndi phini imodzi yotsala ndi petulo wosakwana malita atatu.