Kumwetsa mafuta sitima ya nkhondo ili pa ulendo

Sitima ya nkhondo ikakhala pa ntchito sibwerera kudoko kukathira mafuta, mafutawo ndiwo amaitsatira. Dziko la Britain lili ndi sitima zinayi za ntchitoyi: Tidespring, Tiderace, Tidesurge ndi Tideforce. Zinapangidwa ndi kampani ya Daewoo ku South Korea, ndipo yoyamba inayamba ntchito mu 2017. Iliyonse ndi yaitali mamita 201 ndipo imasenza malita pafupifupi 19 miliyoni, dizilo wa sitima wotchedwa F-76 ndi mafuta a ndege otchedwa F-44. Thupi lake ndi la makoma awiri kuti lakunja likabowoka mafuta asatayikire m'madzi.

Kupopa sikuvuta. Chovuta n'kusunga mpata. Sitima yopereka mafuta ndi yolandira zimayenda moyandikana pa liwiro la makilomita 22 mpaka 28 pa ola, pakati pawo pali mamita 30 mpaka 50 okha. Siziima, chifukwa sitima yoima simvera chiwongolero ndipo mafunde amangoiyendetsa.

Amayamba ndi kuwombera kachingwe kopepuka ndi mfuti. Kachingweko kamakoka chingwe chokulirapo, chomwe chimakoka waya wachitsulo. Paipi ya mainchesi 7 imatsetsereka italendewera pa wayayo mpaka mlomo wake utalowa ndi kudzitsekera pa sitima yolandira. Chingwe china chimakhala ndi timbendera pa mamita 6 alionse kuti woyendetsa aone mpata ndi maso, komanso chimanyamula waya wa foni.

Mtima wa zonsezi ndi makina okunga waya. Mafunde akapendeketsa sitima, makinawo amamasula kapena kukoka wayayo mwa okha. Akachedwa, waya amalefuka paipi n'kugwera m'madzi, kapena amaduka, ndipo waya woduka ali wokungika amakwapula mokwanira kupha munthu. N'chifukwa chake malo oima aliyense amadziwika ntchito isanayambe.

Ngozi ina ndi ya madzi omwe. Akamapanikizika pakati pa sitima ziwiri amathamanga, mphamvu yake yokankha imachepa, sitimazo n'kuyamba kukokana. Woyendetsa amakonza njira pang'onopang'ono, digiri imodzi kapena theka, osapotoza mwamphamvu.

Injini kapena chiwongolero chikafooka, amalekana mwadzidzidzi: kuzimitsa mapampu, kuchotsa paipi, kumasula mphamvu ya waya, kenako kuutaya. Ndondomekoyi sadumphitsa ngakhale zitathina, ndipo amaiyeserera kawirikawiri akamaliza kuthira mafuta tsiku loti zonse zayenda bwino.