Masiku atatu ku Liwonde, mvula isanagwe

Ndinafika ku Liwonde kumapeto kwa mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira mogonthetsa m'khutu. Ambiri amaopa kuyenda m'nyengo imeneyi chifukwa cha kutentha, koma kwa munthu wofuna kuona nyama zakutchire palibe nthawi ina yoposa iyi, pakuti udzu umakhala utauma n'kugwa, zithaphwi zitaphwa, ndipo chamoyo chilichonse chimakakamizika kutsikira ku mtsinje wa Shire kukamwa madzi. Ndiyonso nyengo imene mitengo ina imayamba kuphukira ngakhale dontho limodzi la mvula lisanagwe. Pansi pa mivunguti panali mbwee maluwa ofiira oderako amene anayoyoka usiku, ndipo mbawala ina inkawatola mmodzimmodzi mosatekeseka, ngati kuti galimoto lathu linali chitsa.

M'mawa wa tsiku lachiwiri tinakwera boti kulowera kumtunda, cha ku nyanja ya Malombe kumene Shire amachokera asanalowe m'paki. Mvuu zinali zambiri moti woyendetsa boti ankangokhota uku ndi uku pozipatsa mpata. Ng'ona zinali gone pamchenga, kukamwa kuli yasa, ndipo pamwamba pa mivumo yaitali ija nkhwazi ziwiri zinkayankhana. M'dambo munali anakodzwe ndi nswala, zazikazi zambiri zili ndi bere, chifukwa nswala zimaswa mvula ikayamba, pamene msipu wanthete umapezeka paliponse. Njiri zokha zinali zitafulumira: ina inali itagwada ndi miyendo yakutsogolo, ikufukula mizu, tiana tinayi tikuthamangathamanga kumbuyo kwake michira ili m'mwamba.

Chimene chinandikhalira mumtima ndinachiona dzuwa litakwera. Gulu la njovu linatsikira kumadzi, ndipo tinazimitsa injini n'kulola kuti madzi atikankhire pafupi nazo. Pakati pawo panali yaikazi imene chitamba chake chinali chachifupi, chodukira pafupifupi pakati, nsonga yake ili ndi chipsera chotuwa. Zinzake zinkamwa zitaima pagombe, kutunga ndi chitamba n'kuthira m'kamwa, koma iyo inalowa m'madzi mpaka m'mimba n'kuweramitsa mutu kuti pakamwa pafike pamadzi. Inamwa nthawi yaitali, kamwana kake kakudikira m'mbali. Ndinafunsa bambo amene ankatilondolera kuti chinachitika n'chiyani. Iwo anayankha motsitsa mawu kuti, "Achimwene, umenewo ndi waya. Wotchera ankafuna nswala, koma msampha susankha."

Paki ya Liwonde inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548, malo ochepa ndithu poyerekeza ndi Nyika kapena Kasungu. Pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire m'chaka cha 2015, tchire limeneli linali lodzaza ndi misampha, ndipo m'zaka zotsatira agemu anazula misampha ya waya yoposa 30,000. Anazinga paki ndi mpanda wamagetsi, kenako n'kuyamba kubwezeretsa nyama zimene zinatha kapena kuchepa kwambiri: anyalugwe aliwiro aja otchedwa cheetah mu 2017, mikango mu 2018, zipembere zakuda 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndi mimbulu mu 2021. Lamulo la nyama zakutchire nalonso linakhwimitsidwa mu 2017, moti wopezeka ndi minyanga ya njovu kapena nyanga ya chipembere akhoza kukaseweza mpaka zaka 30 kundende. Ine amene ndimakonda kukayikira zinthu zotamandidwa kwambiri ndiyenera kuvomera kuti ntchito imeneyi ikuoneka ndi maso. Nyama sizinkathawa zikamva injini, ndipo madzulo ake tinaona miimba ikuzungulira kumwamba, chizindikiro chakuti pansi pali chilombo chimene chagwira.

Komabe nyama imene ndinapitira ku Liwonde inali yaing'ono kwambiri kuposa zonsezi. Ndi kambalame ka mtundu wa zinkhwe, kotchedwa Lilian's lovebird, kobiriwira thupi lonse, nkhope yachikasu chofiirira, mlomo wofiira, ndi kamzere koyera kozungulira diso. M'dziko muno malo ake enieni ndi paki imeneyi, ndipo moyo wake wonse ndi womangirira ku mtengo wa tsanya, chifukwa timbalameti timagona ndi kuswa m'mphako za mitengo ikuluikulu ya tsanya. Tinatidikira pa kathaphwi kena kamene kanali katatsala ndi madzi amatope. Nkhalango ya tsanya inali mbee, yopanda masamba, kupatula nthambi zingapo zimene zinali zitatulutsa timasamba tofiirira tonyezimira, tiwiritiwiri ngati mapiko a gulugufe. Patapita pafupifupi ola tinamva kulira kwa tswiitswii, ndipo gulu la timbalame pafupifupi makumi awiri linatera pamtengo wouma, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako n'kutsikira pamadzi tonse pamodzi. Timbalameto sitinathe ngakhale mphindi imodzi pansi. Chizolowezi chomwera pamodzi chimenechi ndicho chimatiika pangozi, pakuti munthu akathira poizoni m'thaphwi lotere pofuna nkhanga, njiwa kapena nyama zina, gulu lonse limathera pamenepo tsiku limodzi. Njovu ikaphedwa dziko lonse limamva, koma timbalame makumi awiri tikafa m'matope, amene amadziwa ndi nyerere.

Tsiku lachitatu tinadutsa m'mphepete mwa mpanda, ndipo apa m'pamene nkhawa yanga inakula. Mbali ino kunali mitengo, mbali inayo kunali minda yokonzedwa kale mizere kudikira mvula, yofika pa waya penipeni. Palibe chifukwa chonyozera eni mindayo. Munthu amene chimanga chake chonse chinadyedwapo ndi njovu usiku umodzi saiona njovu monga mmene ndinkaionera ine ndili m'boti. Mpanda wachepetsa mavuto amenewo, koma watsekeranso nyama m'malo ochepa, pamene izo zikuswana. Njovu imodzi yaikulu imatha kudya zomera zoposa makilogalamu 100 pa tsiku, ndipo milambe yosendedwa makungwa imene tinaiona inkasonyeza kuti pakamwa pachuluka. N'chifukwa chake m'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu Julayi 2022 zina 263 zinatengedwa kupita ku Kasungu. Kusamutsa komalizaku kunatsatidwa ndi madandaulo a anthu okhala mozungulira paki ya Kasungu, kuno ku Malawi komanso ku Zambia, onena za minda yowonongedwa ndi anthu ophedwa ndi njovu. Maganizo anga ndi akuti tikamawerengera kupambana kwa ntchito yoteteza nyama, tiziwerenganso maliro amenewo, chifukwa anthu amene akulira ndiwo oyandikana ndi nyamazo usana ndi usiku, pamene ife alendo timabwera masiku atatu n'kumapita.

Ndipo pali china chimene mpanda uliwonse sungachitchinge. Shire ndiye mtsinje wokhawo wotuluka m'nyanja ya Malawi, ndipo chilichonse chimene chimakokoloka m'mapiri odulidwa mitengo chimathera mmenemo. M'mbali mwa mtsinje tinadutsa namasupuni woyandama m'magulumagulu, akulowera ku Kamuzu Barrage, kumene amayesetsa kumuwola kuti asakatseke makina opangira magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mvuu, nkhwazi ndi nyali ya m'nyumba ya m'tauni zonse zimadalira madzi amodzi omwewo. Pamsewu wobwera ndinali nditapitirira njinga zambiri zosenza matumba a makala, ndipo ndinachita manyazi pokumbukira kuti magetsi akazima nanenso ndimagula thumba osafunsa kumene mtengo wake unagwa. Tsanya ndi umodzi mwa mitengo imene owotcha makala amaikonda chifukwa ndi wolimba ndipo makala ake amakhalitsa pamoto, koma umakula pang'onopang'ono, moti kuti ufike pokhala ndi mphako yogonamo kambalame kaja pamadutsa zaka zambirimbiri.

Madzulo otsiriza kunachita mitambo yakuda cha kumapiri a kum'mawa, mphepo inabwera ndi fungo la dothi lonyowa, ndipo anamzeze, ena mwa iwo atangofika kumene kuchokera ku Ulaya, ankauluka motsika pamwamba pa madzi. Kunagunda kawiri kutali. Nswala zinaimika makutu, bambo aja anatambasula dzanja kunja kwa galimoto kudikira dontho, koma mitamboyo inapita kwina. Ndinanyamuka m'mamawa kukali fumbi, ndipo nditangotuluka pachipata ndinapatukira pambali kupereka njira kwa mnyamata amene ankakankha njinga yolemedwa ndi matumba atatu, thukuta lili kamukamu, akulowera cha kumsewu waukulu.