Ndafika pa Vampyr: mafilimu akale a mizukwa yoyamwa magazi

Ndikupitiriza kuonera mafilimu akale a mizukwa yoyamwa magazi, aja a zithunzi zakuda ndi zoyera. Ndikuwatsata malinga ndi zaka zimene anatuluka, ndipo pano ndafika mu 1932.

Ndinayamba ndi Nosferatu ya F. W. Murnau, ya ku Germany mu 1922. Mulibe mawu, koma Max Schreck, amene akusewera mzukwawo, sasowa cholankhula: mutu wadazi, mano awiri akutsogolo ngati a khoswe, zikhadabo zazitali. Pamene chithunzithunzi chake chikukwera masitepe, mwini wake osaoneka, thupi langa linachita tsemwe. Filimu imeneyi inatsala pang'ono kutheratu. Nkhani anaitenga m'buku la Bram Stoker lotchedwa Dracula popanda chilolezo, mkazi wamasiye wa Stoker anakasuma, ndipo mu 1925 khoti linalamula kuti makope onse awonongedwe. Mwayi wake ena anapulumuka.

Dracula ya Tod Browning ya 1931 ndinaikonda theka. Maso a Bela Lugosi, amene akusewera Dracula, ndi kalankhulidwe kake kozengereza n'zosaiwalika, ndipo mmene Karl Freund anajambulira nyumba ya ku Transylvania n'zogometsa. Koma nkhani ikangofika ku London imasanduka sewero la m'chipinda, kulankhula kokhakokha.

Yandigwira mtima zedi ndi Vampyr ya Carl Theodor Dreyer ya 1932. Zithunzi zake n'zambuu mwadala, chifukwa ankajambula ataika kansalu kopyapyala kutsogolo kwa kamera. Mzukwa wake ndi gogo wamkazi amene amangooneka apo ndi apo. Zithunzithunzi zimasiya eni ake n'kumadziyendera pakhoma. Ndiye pali poti mnyamata amene nkhaniyi ikutsata akulota kuti wafa, wagonekedwa m'bokosi lokhala ndi kawindo pankhope. Kamera imalowa momwemo, iwe woonera n'kumaona mitengo ndi nsanja ya tchalitchi zikudutsa pamwamba pako pamene akukunyamula. Magazi saoneka kwenikweni, koma mantha ake amakutsatira mpaka pogona. Pamene dokotala woipa wothandiza mzukwayo akukwiririka mu ufa m'chigayo, imfa yoyera mbee, ndinalephera kuyang'ana kumbali.

Ndisanapite patsogolo ndibwerera kaye mu 1931. Pali Dracula ina ya Chisipanishi, ya George Melford, imene ankaijambula usiku pamalo omwewo gulu la Browning likaweruka. Ndikufuna ndione ngati Carlos Villarías, amene akusewera Dracula m'menemo, angapikisane ndi Lugosi.