Jakisoni wa m'bondo: momwe zinandiyendera

Nyamakazi ya m'bondo ikafika poti mapiritsi ndi mankhwala opaka sakuthandizanso, dokotala amayamba kutchula za jakisoni wobaya m'bondo mwenimwenimo. Inenso ndinafika pamenepo. Asanandibaye anayamba andijambula X-ray, ndipo chithunzi chinaonetsa kuti chichereŵechereŵe chapakati pa mafupa chatha mbali yamkati, mafupa akungotsala pang'ono kukhulana.

Kenako kunabwera mafunso. Kodi muli ndi matenda a shuga? Mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana? Pali chilonda pafupi ndi bondo? Funso la shugalo si lamwambo chabe, chifukwa jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, amakweza shuga m'magazi kwa masiku angapo, ndiye wodwala shuga ayenera kumadziyeza pafupipafupi akabayidwa.

Ine ndinali nditamva za majakisoni amakono, ndiye ndinafunsa: "Adokotala, nanga uja wa magazi anga omwe?" Anaseka pang'ono. "Bambo, ambiri akubwera akufuna PRP masiku ano." Amatenga magazi ako, n'kuwazunguza m'makina, n'kubaya m'bondo mbali yokhala ndi maplateleti ambiri, tizigawo ta magazi tothandiza kuti aundane. Zomveka bwino pakamwa. Koma kafukufuku wa ku Australia yemwe anatuluka m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2021 anapeza kuti pakutha pa chaka, obayidwa PRP sanapeze bwino kuposa obayidwa madzi amchere. Hyaluronic acid, yemwe amati amafewetsa bondo ngati girisi, nayenso mbiri yake yatsika: bungwe la NICE, lopereka malangizo a zachipatala ku Britain, linanena mu 2022 kuti asamaperekedwe pa nyamakazi imeneyi. 

Tinatsala ndi steroid, wakalekale uja. Iyenso ali ndi pake. Pa kafukufuku wina wa mu 2017, anthu amene ankabayidwa steroid wotchedwa triamcinolone miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri anapezeka kuti chichereŵechereŵe chawo chinatha kwambiri kuposa cha obayidwa madzi amchere, ululu uli chimodzimodzi. N'chifukwa chake sabaya pafupipafupi, ndipo amene akuyembekezera opaleshoni yoika bondo lochita kupanga sabayidwa m'miyezi itatu opaleshoniyo isanachitike, kuopa matenda olowa pabala.

Kubayako sikunatenge nthawi. Ndinagona chagada, bondo litapindika pang'ono. Anapukuta khungu ndi mankhwala ophera tizilombo, n'kulowetsa singano m'mbali mwa kaphale ka bondo. Poyamba anakoka madzi achikasu amene ankatupitsa bondolo, ndipo kunena zoona mpumulo woyamba ndinaumva pamenepo. Atatero anabaya steroid wosakaniza ndi lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi. Kuwawa kwake n'kochepa, kungomva kukankha mkati.

Lidocaine amanamiza. Umadzuka bondo lili zii, n'kuganiza kuti wachira, koma dzanzi likatha madzulo ululu umabwerera, mwina kuposa poyamba, kwa tsiku limodzi kapena awiri. Anandichenjeza kuti ndisalemetse mwendo masiku amenewo, ndiikepo ayezi, ndipo ndikaona bondo likutentha, likutupirabe, thupi likutenthanso, ndibwerere msanga osadikira kuti kuche.

Steroid atayamba kugwira, ndinapita kwa a fiziyo, ophunzitsa masewera olimbitsa minofu. Mankhwalawa amagwira milungu ingapo basi, ndiye nthawi imeneyo ndi yolimbitsa minofu ya ntchafu ululu usanabwerere: kuwongola mwendo uli pampando, kudzuka n'kukhalanso osagwirira, kupalasa njinga yosayenda. Tinagwirizana kuti za jakisoni wina tidzakambirana pakapita miyezi yosachepera itatu, titaona kaye mmene ntchafu yalimbira.